Makina a Pawindo

Pa shopu yathu yosoka panalibe bwana. Makina, nsalu, ngakhale tsache, zonse zinali zathu tonse. Wapampando wa gululo, bambo wowerenga mabuku a chikomyunizimu mpaka magalasi kutsetsereka pamphuno, ankatikumbutsa lamulo m'mawa uliwonse: wodziwa asenze cholemera, wofooka apatsidwe chomuthandiza. Pakamwa pawo zinkakoma ngati nyimbo.

Zinthu zinavuta atabwera makina amagetsi. Tinawaika pawindo, ndipo aliyense ankadziwa kuti oyenera kukhalapo ndi Asingano, mayi amene ankasoka kolala osayesa n'komwe. Koma pamsonkhano Wapampando anafotokoza kuti chimakina chakale cha pakona, chopalasa ndi mapazi, chodula ulusi ngati chili ndi mano, chimamvera Asingano okha. Choncho iwo akhale pomwepo, atsopanowo apite kwa mng'ono wa Asingano, yemwe ngakhale mpendero unkamukhotera. Tonse tinakweza manja. Nawonso Asingano anakweza, koma dzanja lawo linali lolemera.

Nsanje inawadya mayi aja, tonse tikuona. Makina a pawindo akangoyamba kulira, iwo ankapalasa mwaukali mpaka thebulo kunjenjemera. Mng'ono amene anamubereka kumsana, amene anamuphunzitsa kugwira sizasi, lero akuwombedwa kamphepo, iwo akutuluka thukuta kukona! Mng'onoyo akawabweretsera tiyi, ankayankha kuti anthu a kukona samwa za mabwana.

Ndiye anaganiza nzeru. Ngati chabwino chimapita kwa wofooka, bwanji osafooka? Anayamba kusoka mokhota. Thumba la malaya analiika chozondoka, thalauza lina mwendo umodzi unatalika. Akamalowetsa ulusi ankaphonya dala, n'kumadandaula mokweza kuti maso ayamba chifunga. Ine zinkandinyansa kuona munthu waluso akudzipusitsa choncho, komabe ndinkamvetsa, chifukwa ndi njira yokhayo imene lamulo lathu linawasiyira.

Msonkhano unaitanidwa. Asingano anabwera atavala bwino, akuyang'anayang'ana mpando wa pawindo. Wapampando anawayamikira kwambiri pa zaka zonse zimene anatumikira gulu, kenako anati munthu wa maso ofooka sangamusiyire makina othamanga, angadzisoke chala. Kuyambira tsopano azisokerera mabatani ndi kuthandiza apa ndi apo. Mng'ono wawo, poti dzanja lake tsopano lawongoka, wasanduka wodziwa, ndiye asamukire pa chimakina cha pakona.

Wina anafunsa kuti nanga pawindo pakhala ndani. Wapampando anakonza magalasi n'kunena kuti gulu lalandira membala watsopano, wosowa thandizo kuposa tonsefe, poti sanagwirepo makina chibadwire. Membalayo anali mkazi wawo. Tinayang'anizana, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Manja anakwera ndithu.

Potuluka, mng'ono uja anawaimitsa Asingano pakhomo, misozi ili m'maso.

"Achemwali, mwakhuta tsopano? Ine mwandichotsa, inu simunakhalepo."

Asingano anangomulambalala. Akanati maso ali bwino, akanavomera kuti ananamiza gulu lonse.

M'mawa mwake mkazi wa Wapampando anakhala pawindo, n'kumalimbana ndi ulusi mpaka kutopa. Kenako anacheukira kumene Asingano anakhala ndi mbale ya mabatani pamiyendo.

"Amayi, pepani, tandilowetseraniko. Kaya muona ndi maso anuwo."

Anawapatsa mpando. Asingano anakhala pang'onopang'ono, n'kusisita makinawo ndi chikhatho, phazi n'kuliika pachopondera. Ulusi akanatha kulowetsa atatsinzina. Koma anaphonya, ananyowetsa nsonga ndi malovu, n'kuphonyanso.

"Dikirani pang'ono, mayi," anatero osadzutsa mutu. "Musandifulumize."