Denga la Chipinda Chakumbuyo

Pepala la khonsolo linabwera lopinda patatu, ndipo pakati pake panali mapu a maboma onse. Maboma ena anawapaka zofiira, ena zachikasu, koma lawolo linali lobiriwira. Pansi pake analemba kuti ndi dera la chiopsezo chochepa cha ngozi zogwa mwadzidzidzi. Anthu a mumsewu wonsewo anawerenga mpaka pa liwu lakuti "chochepa", n'kumva ngati alemba kuti "palibe". Kenako pepalalo ena anakulungira tomato, ena anayatsira moto.

Mayi wosoka zovala wa m'nyumba yachitatu yekha ndiye analikhoma kuseri kwa chitseko. Iye anawerenga mpaka kumbuyo, kumene kunali timalemba ting'onoting'ono tonena kuti sungani madzi, tochi ndi mankhwala a odwala, ndipo denga lanu likhale lomangidwa kukhoma ndi timalamba tachitsulo. Anzake sanachedwe kumupatsa dzina. Ankamutcha Mayi Zanyengo.

"A Zanyengo, lero tiyanike zovala kapena tidikire chigumula chidutse kaye?"

Ankaseka nawo, nanga akanatani, koma mtima sunkaseka. Ali mwana, kumene anakulira, anaonapo denga likuchoka panyumba ngati chipewa, ndipo munthu amene anaona zoterozo sawerenga mapu ngati anzake.

Komanso anali ndi chifukwa china chachikulu. M'chipinda chakumbuyo munkagona bambo ake, amene sitiroko inawapha mbali yonse yakumanja n'kuwalanda mawu, kuwasiyira awiri okha: "eya" ndi "mwana". Ankadya ndi dzanja lamanzere, ndipo kuwanyamula kunkafuna anthu awiri. Mchimwene wake wamkulu, yemwe ankakhala kutali ulendo wa tsiku lathunthu pagalimoto, anali atavuta kale kuti nkhalambayo ikakhale kwake, kufupi ndi chipatala chachikulu.

"Mlongo wanga, nyumba yakoyo ndi yakale," anatero palamya.

"Yakale inde, achimwene, koma mwamuna wanga ndi kalipentala. Denga lingakhale lofooka m'nyumba ya kalipentala?"

Mchimweneyo anagonja, koma ananeneratu kuti pakadzangochitika kanthu, adzabwera kudzawatenga bambo ndipo sipadzakhalanso zokambirana. Mayi wosokayo ankadziwa kuti mkuluyo sanena kawiri. Ankadziwanso kuti bambo ake akangopita kutaliko, aziwaona kamodzi pachaka, ndipo zaka zotsalazo sizinali zambiri.

Kalipentalayo, tisamunamizire, anali ndi luso m'manja ndiponso nthabwala pakamwa. Pa chakudya ankakonda kusimba mmene amachitira ndi eni nyumba kuntchito. "Mwini nyumba saona denga, mayi, amaona m'mphepete. Iwe khoma bwino pamene diso lake likufika. Ukatseka siling'i, nkhani yatha." Mkaziyo ankaseka mpaka misozi, nthawi zina n'kumukwapula paphewa ndi kansalu, amvekere, "Inu mudzapsa kumoto." Sizinamufikepo m'mutu kuti nayenso ndi mwini nyumba.

Anagula bokosi la timalamba makumi anayi n'kuliika patebulo.

"Mayi, ifetu tili pobiriwira," anatero mwamunayo akutembenuza kalamba kamodzi m'manja. "Akuluakulu anena okha."

"Anena kuti chochepa, sananene kuti palibe. Mungondichitirako chipinda cha bambo, kwinako tidzaona."

Mwamunayo anazengereza milungu itatu. Kenako Loweruka lina mkaziyo akuchokera kokapereka mayunifomu kusukulu, anapeza makwerero atatsamira khoma, mwamuna wake akusamba m'manja pampopi, utuchi uli mbuu m'tsitsi.

"Ndamanga. Bwerani muone."

Anamutengera pakhonde n'kuloza m'mwamba. Timalamba tisanu ndi kamodzi tinkanyezimira pamitanda, kalikonse ndi misomali yake inayi, mzere wowongoka bwino.

"Nanga m'katimo?"

"Chimodzimodzi, mpaka kumbuyo. Kapena mukufuna mukwere mu siling'i ndi msana wanuwo? Muli makoswe, ndakuuziranitu."

Sanakwere. Anamuphikira tiyi wa mkaka, kenako analowa kwa bambo ake n'kuwauza kuti mpongozi wawo wamanga denga, azigona mtima uli m'malo. Nkhalambayo inati "eya". Tsiku lomwelo anaimbira mchimwene wake, ndipo kunena zoona anadzitamako pang'ono.

Mphepo inabwera Lachiwiri masana, cha m'ma fili koloko, mwamunayo ali kuntchito kutsidya lina la tauni. Magetsi anathima makina ali pakati pa msoko. Atasuzumira panja anaona fumbi lofiira, mapepala akuuluka, beseni la eni ake likugubuduzika lokha mumsewu. Anatseka mawindo, natenga tochi ndi thumba la mankhwala. Panthawiyi mayi wa nyumba yoyandikana, uja ankamuseka kwambiri, anagogoda nsalu ili kumutu.

"A Zanyengo, izi si zocheza. Tiwasunthire agogo pabalaza ndisanathawire kwanga."

"Ayi, asiyeni. Chipinda chawocho ndiye cholimba kuposa zonse m'nyumba muno."

Anayankha mosakayika ngakhale pang'ono, ndipo mnzakeyo anathamangira kwa ana ake. Mawu amenewa ndi amene anadzamudya mumtima kwa nthawi yaitali.

Anakhala m'mphepete mwa bedi atagwira dzanja lamanzere la bambo ake. Malata anayamba kulira, kenako kupuma ngati chifuwa cha munthu, kukwera n'kutsika. Iye ankangoti, "Musaope, bambo, lamangidwa." Atanena kachitatu, kuwala kunalowa m'chipindamo kuchokera kumene sikunalowerepo. Denga lonse, malata ndi mitanda yomwe, linanyamuka limodzi. Anadziponya pamwamba pa nkhalambayo, koma thabwa la siling'i linamuphonya n'kugwera pamkono umene unali panja pa bulangete, mkono wamanzere uja. Bambo ake sanakuwe, anangotulutsa kamawu kakang'ono. Mvula inayamba kuwakhuthukira onse awiri.

Ali chigonere choncho anakweza maso. Pamwamba pa khoma panali poyera, kuyambira pakona mpaka pakona. Panalibe kalamba kothyoka, kapena kopindika, ngakhale bowo la msomali. Anayang'ana khoma lachiwiri, lachitatu. Mantha anamuthera, n'kubwera china chozizira kuposa mvulayo. Anthu atabwera kudzawanyamula bambo ake, anadutsa nawo pakhonde, ndipo denga la khondelo linali chilili, silinasunthe ngakhale pang'ono.

Kuchipatala anati mkono wathyoka pawiri. Kalipentalayo anafika ali wefuwefu, zovala zili zonyowa, ndipo mantha ake anali enieni. Anafuna kumugwira paphewa mkazi wake, koma iye anasendera kumapeto kwa benchi.

"Timalamba tina tija tili kuti?"

"Mayi, ino si nthawi yake."

"Tili kuti?"

Mwamunayo anayang'ana pansi. "Tili m'bokosi momwemo, pansi pa tebulo langa la ntchito. Tsiku lija kunatentha, mu siling'i simunkakhalika. Ndimati ndidzamaliza kukazizira. Komanso mapu aja, mayi, inunso munawaona. Ndani akanadziwa?"

Mkaziyo analakalaka akanamva kuti anatigulitsa, kapena kuti anakamangira denga la mkazi wina, mwina pakanakhala chinthu chodana nacho. Koma ayi. Timalamba makumi atatu ndi tinayi tinali gone m'bokosi, mapazi khumi kuchokera pabedi la bambo ake, ntchito ya masana amodzi. Munthu amene anagona naye chipinda chimodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anamuimika pakhonde, n'kumulozera pamene diso lake likufika, n'kumwa tiyi wake. Anamva kuti waperekedwa, ndipo chinamuwawa koposa n'chakuti njira yakeyo ankaidziwa, ankaiseka yekha pa chakudya.

"Munandiyesa kasitomala," anatero motsitsa mawu.

"Musatero, mayi."

"Mnzanga anabwera kuti tiwasunthe. Ndinamubweza ine, ndi pakamwa pangapa, chifukwa cha mawu anu."



Mchimwene uja anafika tsiku lachitatu ndi galimoto ya mipando yogoneka. Sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anaima pakhomo la chipinda chopanda dengacho, manja ali m'thumba, n'kuyang'ana makoma.

"Unati lamangidwa."

Mayiyo akanatha kuloza mwamuna wake, amene anaima chapatali akunamizira kuwongola lata. Koma kodi zikanabweza chiyani?

"Ndinatero, achimwene."

"Longedza zovala zawo ndi makadi a kuchipatala. Tinyamuka akangowatulutsa."

Mayiyo anapempha mwezi umodzi wokha, kuti mkono uyambe wapola. Mkuluyo anapukusa mutu, ndipo mlongo wakeyo analibenso mawu oti aimirepo, pakuti mawu ake onse anali atapita ndi malata aja. Atawatulutsa kuchipatala, anawagoneka bambo m'galimoto, dzanja lina lakufa, lina lili mu pulasitala. Nkhalambayo inkafuna kumugwira mwana wake koma inalibe chogwirira. Inangoti "mwana, mwana", maso ali pa iye, mpaka mchimweneyo anatseka chitseko. Iye anatsatira galimotoyo wapansi mpaka pamphambano, kenako anabwerera.

Kalipentalayo anagwira ntchito masiku anayi osapita kwina kulikonse. Anagula mitanda yatsopano ndi malata olimba. Anakhoma timalamba tonse totsala, n'kukagulanso tina, kalikonse misomali isanu ndi umodzi. Anthu odutsa ankaima n'kumayamikira kuti mumsewu wonsewo mulibe denga lotero. Siling'i sanatseke. Atamaliza anaimika makwerero pakati pa chipindacho n'kupita kukamuitana mkazi wake kumakina.

"Mayi, bwerani mukwere muone nokha. Ndikugwirirani makwerero."

Anabwera, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kuima pakhomo. Sanayang'ane m'mwamba. Anayang'ana bedi lopanda matiresi, ndi kapu ya pulasitiki ya bambo ake imene anaiwala kulongedza, ili pawindo.

"Tsekani siling'iyo," anatero. "Muno mulibe wogonamo."