Phiri la Thiransipoti

Telala wina wokalamba manambala ankamuzunguza mutu, choncho mwana wake wamkazi wogwira ntchito kubanki anamujambulira papepala mmene ndalama za bamboyo zinayendera chaka chonse. Mzere wa lendi unangogona osagwedezeka. Wofiira, wa thiransipoti, unakwera ngati phiri kenaka n'kugwera pansi.

"Apa ndiye zikuyenda, bambo," anatero mwanayo asanaganize. "Za minibasi zatsikiratu."

Telalayo anatsata mzerewo ndi chala. Phirilo linali miyezi imene ankapita kuchipatala tsiku ndi tsiku atanyamula fulasiki, mkazi wake asanamwalire.

"Undisiyire pepalali, mwanawe," anatero, chala chili pansonga. "Pamwamba apa amayi ako anali akadalipo, akumandikalipira kuti tiyi wachepa shuga."