Fayilo Yoyamba ya Mayi Matama

Munthu akamapuma pantchito, mupatseni wotchi ya pakhoma, muwombereni m'manja, azipita kwawo. Basi. Koma ku ofesi kwathu kuli anthu ophunzira, ndipo munthu wophunzira sangagwire chinthu chophweka osachipotokola.

Ine ndine mlembi pa ofesi yothandiza ana ndi mabanja pa nkhani za malamulo. Ndakhala pa tebulo limodzimodzi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pafupi ndi chipinda cha mafayilo, momwe muli kabati yachitsulo yofuna bondo kuti itsekeke. Bwana wanga nthawi yonseyi anali loya wamkulu, mayi amene tauni yonse imawatchula kuti Mayi Matama. Dzinali analipeza chifukwa sapereka moni. Ngakhale atakuyimirirani mlandu dzulo lomweli, mukakumana nawo mumsika amakudutsani ngati mtengo wamagetsi. Anthu sadziwa kuti limenelo ndi lamulo lawo. Munthu amene anabwerapo ndi vuto ku ofesi sayamba iwo kumulonjera, kuopa kuti amene akuyenda naye angafunse kuti, "Loya wa ana uja mukudziwana naye bwanji?" Mukayamba ndinu, amayankha bwinobwino. Mukapanda kuyamba, sakudziwani.

Atakwanitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu akuthamanga m'makhoti, bodi inaganiza zowakonzera mwambo wowathokoza. Ntchito yokonza inapatsidwa kwa loya wathu wina amene timamutchula kuti Madigiri, poti ali nawo awiri ndipo onse anawapachika pamene munthu aliyense wopita kuchimbudzi ayenera kuwaona.

Kutatsala masiku atatu, Madigiri anandiitana akumwetulira ngati watola kanthu pamsewu.

"A mlembi, tabwerani muone. Mayi akalira basi."

Pa kompyuta yake panali chikuto cha fayilo yakale, yofiirira, yolembedwa nambala wani. Anali ataitenga mu kabati ine ndili kukadya. Anadina batani, ndipo panatuluka chithunzi cha dzanja lamanzere la mwana, lili ndi chilonda chosongoka ngati mphuno ya simbi yositira. M'munsi mwake munali mawu a ku khoti akuti mwanayo, wa zaka zisanu ndi zinayi, anawotchedwa ndi amayi ake ataledzera.

Ndinalowetsa dzanja langa m'thumba la juzi. Fayilo imeneyo ndi yanga.

Palibe amene ankadziwa. Amuna anga ndinawauza kuti ndinagwera pa simbi ndikusewera, ndipo ana anga anakula akusisita chipseracho ndikamawagoneka. Amayi anga anasiya mowa kalekale, khoti litandichotsa m'manja mwawo kwa zaka zinayi. Lero ndi nkhalamba yokhala kwathu komweko, imaluka zidzukulu tsitsi n'kumaziyimbira. Onsewa anali ataitanidwa ku mwambowo, ndipo makalata owaitana ndinataipa ndine ndi manja anga.

"Izi sizingaonetsedwe," ndinatero. "Mafayilo ndi achinsinsi."

"Mayina ndafufuta onse," anayankha Madigiri. "Lamulo limalola bola munthu asadziwike. Kapena mwayamba kundiphunzitsa malamulo?"

Ndinafuna kumufunsa ngati kusukulu kwawoko anawaphunzitsa kuti mwamuna amadziwa mkazi wake poyang'ana dzina. Koma ndikanati chiyani? Kulimbikira kukana kukanangomuuza zomwe ndinkabisazo. Ndinatuluka mano ali gwa, ndipo tsiku limenelo stepala inaona zakuda.

Mwina mukuti bwanji sindinangopita kwa Mayi Matama. Apa ndiye pondipsetsa mtima kwambiri. Zaka zonsezi sindinkadziwa ngati mayiwo amandikumbukira. Tsiku la intavyu anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira munthu wobweretsa makalata, n'kundifunsa kuti ndimataipa mawu angati pa mphindi. Chiyambire pamenepo ndinali "a mlembi" basi. A mlembi, kalata ija. A mlembi, mwalakwitsa deti. Ndawaona akukhala pa kampando kakang'ono kuti maso awo alingane ndi a mwana wolira, monga anachitira kwa ine kalelo, kenako n'kutembenuka kundikalipira chifukwa cha koma, kachizindikiro kopumira, wosowa m'kalata. Ndinkati mwina anandiiwala, pakuti ana adutsa m'manja mwawo ndi zikwi. Ndipo kukawauza kuti, "Mayi, ndine uja," n'kupeza kuti akundiyang'ana mosandizindikira, zimenezo sindikanazipirira.

Ndiye ndinayesa njira zanga. Kunyumba ndinati mwambowo ukhala wotopetsa, zoyankhula zokhazokha, kuli bwino atsale. Mwana wanga wamkazi anati agogo anawasokera kale diresi, ndipo akhala akuliyesa m'mawa uliwonse. Amuna anga, amene sapita ngakhale ku msonkhano wa makolo kusukulu, anati apempha kale tchuthi. Tsiku lomwe ukufuna kuti anthu akhale aulesi, ndi tsiku lomwe amadzuka ndi changu.

M'mawa wa tsikulo ndinabisa chingwe cha pulojekita kuseri kwa mapepala a fotokope. Madigiri anatuluka thukuta kwa theka la ola, ine mtima ukuyamba kukhala pansi. Kenako a tcheya a bodi analowa n'kunena kuti mu galimoto mwawo amayenda ndi china. Munthu wamkulu bwinobwino, woyenda ndi chingwe cha pulojekita m'galimoto. Ndinawathokoza, pakuti ndikanatani.

Mwambo unayamba thu koloko mu holo ya pamwamba pa ofesi. Mipando ya pulasitiki, nsalu yoyera patebulo, maluwa a pepala, mayiki yolira ngati yapondedwa. Banja langa linakhala mzere wachitatu, amayi anga pakati, diresi lobiriwira, akugwedezera mutu pa chilichonse. Ine ndinaima chakukhomo ndi mulu wa mapulogalamu.

Woweruza wina wopuma anafotokoza mmene Mayi Matama ankabwerera ku khoti ndi mabisiketi m'chikwama, ndi mmene anakanira ntchito ya makampani akuluakulu katatu. A tcheya anayankhula mpaka tiyi anazizira m'mafulasiki. Mwini mwambo anangokhala kutsogolo, suti yawo yakuda ya masiku onse, chikwama pamiyendo, nkhope ngati akudikira basi yochedwa.

Kenako Madigiri anakonza tayi n'kuzimitsa magetsi.

"Tsopano tibwerere kumene zonse zinayambira," anatero. "Mlandu woyamba umene mayi athu anaugwira. Fayilo nambala wani."

Chikuto chija chinaonekera pakhoma, chachikulu ngati chitseko. M'manja mwake ananyamula fayilo yeniyeniyo, ataimanga ndi riboni yofiira kuti akaipereke ngati mphatso. Ndinayang'ana chala chake pa batani, n'kuyang'ana msana wa amayi anga. Ndinachita mantha kuposa tsiku limene ndinaima m'khoti ndili mwana.

Mpando unakhuluka. Mayi Matama anadzuka, ndi bondo lawo lovuta, anayenda mosathamanga mpaka pa tebulo la pulojekita, n'kuimika chikwama chawo kutsogolo kwa galasi. Khoma linada.

"Yatsani magetsi," anatero. Munthu wina anayatsa. "Fayilo iyi mwaitenga kuti, a loya?"

"Mu kabati, mayi. Koma musadandaule, mayina ndafufuta."

"Mwini wake mwamupempha?"

"Papita zaka zambiri, mayi. Sitikudziwa ngakhale kumene ali."

"Ndiye simukudziwanso ngati ali ndi mwamuna, ana, kapena mnansi amene wakhala muno. Mwafufuta dzina. Munthu sadziwika ndi dzina lokha." Anatambasula dzanja. "Bweretsani. Ndipo zimene zili mu kompyutamo muzichotse ine ndikuona."

Madigiri anadinadina, makutu akuoneka kuti akutentha. A tcheya anayesa kuseka kuti apepuze zinthu, koma anaseka okha. Kumbuyo ndinamva mayi wina akunong'ona kuti, "Matama aja ndi amenewa, ngakhale pa tsiku lawo lomwe."

Nthawi yonseyi Mayi Matama sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Kenako anatembenuka.

"A mlembi. Kiyi wa kabati amasunga ndani?"

"Ndine, mayi."

"Ndiye fayilo imayenda bwanji yokha mpaka kufika pa phwando? Tengani, mukabwezere, mukiye. Panopa."

Tangoganizani. Masiku atatu osadya bwino, kubisa zingwe ngati wakuba, mapeto ake kukalipiridwa ndine pamaso pa amayi anga ndi amuna anga. Ndinalandira fayilo, ndinatsika masitepe ndikupondetsa dala nsapato kuti amve.

M'chipinda cha mafayilo ndinamasula riboni ija n'kuiponya m'bini. Pamwamba ndinamva akuwomba m'manja mozizira, zikuoneka kuti amapereka wotchi. Ndinaika fayilo pamalo pake, ndinakankha kabati ndi bondo, ndipo ndinakhalabe choimirira. Patapita kanthawi ndinamva kuyenda kotsimphina mukhonde.

"Mwakiya?" anafunsa Mayi Matama ali pakhomo, wotchi ili kukhwapa.

"Ndakiya."

"Chabwino. Mawa mumuuze amene akulowa m'malo mwanga asinthe loko."

Anatembenuka kuti azipita. Mawa lake sakanabweranso ku ofesi, ndipo mumsika akanandidutsa kapena ayi, sindikanadziwa kuti akudutsa mlembi kapena mwana uja. Zinandikwana. Ndinatulutsa dzanja lamanzere m'thumba n'kulitambasula, chipsera chili pamwamba.

"Moni, mayi."

"Taonana kale m'mawa, a mlembi."

"Si mlembi akukulonjerani. Ndine wa fayilo ija."

Anaika wotchi pamwamba pa kabati. Anakoka kampando kawo ka ana kaja ndi phazi, n'kukhalapo pang'onopang'ono, bondo likulira, mpaka ndinayamba kuwayang'ana chotsitsa maso. Anagwira dzanja langa ndi manja awiri.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri," anatero. "Iwe mwana ndiwe wouma mutu."

"Munkadziwa?"

"Unalowa mu intavyu dzanja lili m'thumba, monga unalowera m'khoti. Ndikanakuiwala bwanji?"

"Ndiye bwanji simunanene kanthu? Tsiku ndi tsiku a mlembi, a mlembi, koma wasowa m'kalata, deti yalakwika. Ine kumaganiza kuti ndinali pepala chabe mu kabati."

"Lamulo langa umalidziwa, walitaipa wekha kangapo. Ukanafuna kukhala mlembi basi moyo wako wonse, unali ufulu wako. Ine ntchito yanga inali kudikira." Anapukusa mutu. "Koma wandidikiritsa, ndithu. Ndimati ndipita kumanda osamva."

Ndinalira, ndipo ndinakwiya kuti ndikulira, chifukwa paudala ndinali nditadzola wa mwana wanga ndipo sindikanatha kufotokoza pamwamba paja chomwe chachitika ndi nkhope yanga. Ndinawauza kuti akanatha kundikalipira mwaulemu pang'ono pamaso pa anthu. Anati akanandinyengerera, holo yonse ikanadabwa kuti zatani lero.

"Amayi ako ndawaona," anatero. "Diresi lawakhala. Pukuta m'maso ukawapatse tiyi, asaone kanthu."

Ndinawathandiza kudzuka pa kampandoko. Sanalisiye msanga dzanja langa. Anayendetsa chala chawo chachikulu m'mphepete mwa chipseracho, mpaka pansonga pake.

"Tsiku lija unandiuza kuti limapweteka kukazizira," anatero. "Zaka zonsezi, nyengo yozizira ikafika, ndimafuna kukufunsa. Limapwetekabe?"