Mphuno Yobwereka

Kutatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ikwane, a Nassif anakhala m'kasitolo kawo m'tawuni ya Zahle atangogwira kamtondo ka mkuwa, mtima uli m'mwamba. Kwa zaka makumi atatu ndiwo ankasakaniza zonunkhiritsa za vinyo wotentha yemwe anthu a kutchalitchi kwawo amamwa akatuluka m'Misa. Sikelo ankainyoza. Iwo kwawo kunali kutapa, kununkhiza, n'kuwonjezera. Tsono chimfine cha chaka chimenecho chinapita ndi mphuno yawo. Sinamoni, jinja, utuchi, zonse kwa iwo zinali chimodzimodzi.

Sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Madoda ena amalolera kufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi. Choncho anangotapa mongoyerekeza n'kuyamba kusinja.

Posakhalitsa anatulukira a Haji Khodr, telala wachisilamu wa khomo loyandikana, tepi ili m'khosi, maso ali psuu.

"Mukufuna kupha Akhristu anzanu kodi? Jinja ameneyo wandiyetsemulitsa mpaka ndakhotetsa thalauza la eni ake!"

"Inu a Haji mukudziwapo chiyani za vinyo? N'kadontho komwe simunalawepo."

"Ndipo sindidzalawa mpaka kumanda. Koma khoma ili n'lopyapyala, achimwene. Disembala aliyense masuti anga amanunkha zinthu zanuzi." Kenako anatsitsa mawu. "Mphuno yafa eti?"

A Nassif anafuna kukana, koma analephera. Anangogwedeza mutu movomera.

"Ndinadziwira dzana. Khofi anapserera pambaula inu muli phee ndi nyuzi yanu. Tasunthani ndikhale."

Anataya zoyambazo n'kuyambiranso. A Nassif ankasinja, a Haji n'kumalowetsa mphuno m'kamtondo.

"Makoko a malalanje achepa. Wonjezerani. Aaa, dzanja lolimba chonchi ngati mukuponya chopereka! Tsabola wakudayo ndiye musiyeni, wakwana."

"Mukundilamula m'sitolo mwanga?"

"Sinjani, bambo, nthawi ikupita."

Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi a Haji anatsinzina. "Basi, zake ndi zimenezi. Musakhudzenso."

Pa Khirisimasi m'mawa kunazizira koopsa. Anthu anaunjikana pa mphika waukulu pabwalo la tchalitchi, makapu akufuka nthunzi. Mayi Georgette, amene lilime lawo silinasiyepo ngakhale ansembe, anapsontha kawiri n'kukweza mawu.

"Koma a Nassif, thupi lokha ndilo likukalamba. Mphuno yanu Mulungu aisunge!"

Anthu anaomba m'manja. A Nassif akanatha kungomwetulira, nkhani n'kuthera pompo, pakuti a Haji si munthu woulula za mnzake. Koma kuthokoza kunawadzadza mumtima mpaka manyazi anasowa pokhala.

"Mphuno yanga inafa mwezi watha, mayi," anatero. "Imene mukuyamikayo ndi ya a Haji Khodr."

A Nassif sanadikire mafunso. Ananyamula kaketulo kamene anatenthetsa padera, ka madzi a maapozi othira zonunkhiritsa zomwezo, n'kutsetsereka nako msewu. Anawapeza a Haji akupalasa makina osokera monga mwa masiku onse.

"Mulibe vinyo umu, ndikulumbira. Talawani ntchito yanu."

A Haji anamwa pang'onopang'ono, n'kupukuta ndevu. "Zaka zonsezi kumangonunkhiza basi, chikhalirecho n'zokoma chonchi? Thiraninso."