Masiku Anayi Amene Benilde Sanawerenge Madzi

Ilídio anatembenuza komputadori ija patebulo kuti a Benilde aone bwino. Pagalasi panali kamtsinje ka Nyansolo, kokhotakhota kuchokera kuphiri, kudutsa kuseri kwa msika wa Fíngoè mpaka kumadimba. Mbali zonse ziwiri kunali mzere wofiira.

"Nyumba zonse zili m'kati mwa mzerewu zisamukira kumtunda," anatero injinyeru wachinyamatayo, amene boma linamutuma kuchokera ku Tete. "Yanuyi yapulumuka, amayi. Mzere wadutsa mapazi khumi kumunsi kwa khonde lanu."

A Caetano, amuna a Benilde, anaseka mpaka chipewa chinapendekeka. Nyumbayo anaimanga awiriwiri atangobwera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, njerwa zoumba okha, ndipo nkhani yosamuka inali itawadyera mnofu chaka chonse.

Ilídio anafotokoza kuti makinawo salosera ngati sing'anga. Amawapatsa kuchuluka kwa mvula, kutsetsereka kwa nthaka ndi manambala a m'kaderno, kabuku kolembamo ka a Benilde, iwo n'kuwerengera pamene madzi angadzafike. Kwa madzinja atatu mayiyo ankapita m'mawa ndi madzulo pachitsulo cholembedwa manambala chimene chinazikidwa padooko, n'kulemba pamene madzi afika. Anthu ena onse anamuuza injinyeruyo zosiyana za chigumula cha chaka chadzana. Wina akuti chinalekeza m'mawondo, wina m'khosi, wina woledzera akuti chinamiza mtengo wa mango. Ilídio anakhulupirira kaderno. Ndipo malinga ndi kadernoyo, mlatho watsopano wopita kusikola unangofunika mapaipi awiri odutsamo madzi pansi pake.

Apa a Benilde anakumbukira chimene anabisa. Mu Fevereiro wa chaka chadzanacho mchimwene wawo anamwalira ku Chipera. Anapita kumaliro ndi a Caetano, mvula n'kutseka msewu masiku anayi. Pobwera anapeza madzi ataphwera kale, koma m'nyumba muli matope okhaokha. Nyumba yawo ili payokha pokhota mtsinje, choncho palibe anaona. Anakolopa, anazira, kenako mayiyo anakhala pansi n'kudzaza masiku anayi aja ndi manambala a m'mutu, ofatsa bwino ngati ana a mbusa. Poyamba anachita zimenezi chifukwa cha manyazi chabe, kuopa kuti anthu anena kuti anathawa ntchito. Sanadziwe kuti bodza lawolo lidzakula mpaka kumanga mlatho.

Ilídio atapita kukajambula padooko, a Benilde anauza amuna awo zimene zinali kuwasautsa. A Caetano nkhope inagwa.

"Amake Flávia, mwayamba liti kudana ndi denga lanu? Makina anena kuti tikhale. Inu ndinu anzeru kuposa makina a boma?"

"Makinawo adya zimene ndinawaphikira ine."

"Ndiye akhuta. Asiyeni agone."

Mayiyo anafuna kuseka koma sizinatheke. Amuna awo anapitiriza kuti kumtunda n'kwamiyala, madzi ali kutali, ndipo pa msinkhu wawo munthu saumbanso njerwa. Zonsezo zinali zoona, ndipo choonadi chake n'chimene chinkawawa. Koma a Benilde ankaona mapaipi awiri aja atatsekeka ndi zinyalala za kumsika, madzi akudutsa pamwamba, ana a sikola ataima tsidya lina ndi makaderno pamutu akukambirana zoti angoyesa. Ana a pa Fíngoè ankawadziwa bwino, sadikira madzi kuti aphwe.

"Madzi saiwala khwawa, bambo a Flávia," anatero motsitsa mawu. "Anabwera tili ku Chipera. Adzabweranso tili mkati muno."

A Caetano anatembenuzira mpando wawo kumsewu.

Injinyeru atabwerera, a Benilde anamuitanira m'nyumba. Anamupempha kuti awathandize kukankha kabati, ndipo kuseri kwake, pamene sanazire, panaoneka mzere wa matope ouma wofika m'chiuno mwa munthu. Anamuuza zonse osachotsera, atayang'ana pansi ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

Ilídio anali wokhumudwa, zimenezo sanabise, pakuti ntchito ya miyezi isanu inali itagwera m'madzi. Kenako anatulutsa chingwe chake choyezera, anayeza khomalo, anatuluka kukayeza mpaka padooko, n'kubwera kudzalowetsa nambala yatsopano. Onse awiri anayang'ana mzere wofiira uja ukukwera pang'onopang'ono. Unadutsa khonde, unadutsa nyumba, unakaima kuseri kwa khola la mbuzi.

"Mapaipi sangathe," anatero. "Pafunika mlatho weniweni. Koma amayi, mukudziwa kuti nyumba ino sindingathenso kuisiya kunja kwa mzere?"

"Ndikudziwa, mwananga. Lembani."

Ilídio analemba dzina lawo pansi pa mayina a osamuka. A Caetano anadzuka pampando paja. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo, anagwira chitseko cha mlombwa, anachitsegula, anachitseka, akumvetsera kulira kwa mahinjesi.

"A injinyeru," anafunsa osayang'ana akazi awo, "chitsekochi amalola kunyamula?"