Dzuwa la Pakhomo pa Chipatala

Namwino anagwira Edinah pamkono asanatuluke m'chipinda cha maso.

"Mvetsetsa," anatero. "Mankhwala tawabaya aja akadali m'magazi. Kuwala tinawaunikira m'diso kuja kwadzutsa mankhwalawo kuti atseke timitsempha timene tikudontha kuseri kwa diso. Dzuwa likawaomba pakhungu, apsa ngati athiridwa madzi owira. Masiku awiri asalione."

Edinah anayang'ana Madamu Hessa, abwana ake okalamba, amene anakhala akuwasamala chichokereni ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'dziko lachipululu lotenthali, kutsidya kwa nyanja. Diso lamanzere linafa kale. Lamanjali ndi lomwe madokotala ankalimbana nalo. Mwana wawo anali atatsekeredwa kunja, ndege zitaima chifukwa cha korona, choncho zonse zinali pamutu pa Edinah.

Atafika pakhomo lagalasi foni inalira. Anali Potiphar, dalaivala wawo wa ku Chipata.

"Asisi, galimoto aikaniza kulowa. Pokwerera paja aikapo tenti yoyezera korona. Nili kumsewu, bwerani chabe."

Mpaka kumsewuko panali mtunda ngati bwalo la mpira, konkire yokhayokha, dzuwa la Juni lili paliwombo. Madamu anavala abaya, mkanjo wautali wofunda thupi lonse, ndi magalasi akuda, koma magolovesi anatsala kunyumba, ndipo kuphazi kunali masilipasi.

Kumbuyo kwawo bambo wina ankatsokomola mosalekeza. Mlonda anawakodola kuti asaime pakhomo.

"Yalla, tiye!" anatero Madamu. "Muno muli matenda."

Zaka zinayi zonse Edinah anali asanawakanizepo kanthu.

"Ayi, Madamu. Chonchi simutuluka."

"Wati chiyani?"

Edinah anagwada, navula nsapato ndi masokosi ake n'kuwaveka gogoyo. Manja anawakulunga ndi mpango wake wakumutu. Kenako anaimbira Potiphar.

"Achimwene, thamangani nacho chotchinga dzuwa cha pagalasi lakutsogolo chija."

Anayenda atatu pang'onopang'ono, Potiphar atakweza chotchingacho, Edinah atawagwira Madamu pamkono, akupemphera chamumtima. Madamu anapunthwa kamodzi, mpango n'kusereseka.

M'galimoto Edinah anamasula mpangowo. Zala zinali bwinobwino. Koma pamkono panali banga lofiira, ndipo sanadziwe ngati linali dzuwa kapena kugwira kwake komwe.

"Pakuwawa?"

"Pakutentha pang'ono," Madamu ananong'ona. Ukali wonse unali utawathera.

Potiphar analiza injini.

"Musanyamuke," anatero Edinah. "Aphimbeni bwino."

Anatsegula chitseko, nathamanga osavala nsapato pakonkire yotentha ija kukaitana namwino.