Botolo la Apongozi

Nkhani iyi ndinaimva kwa a Yosiya, okhoma zidebe ku Glen Norah, lokeshoni ya kuno ku dziko la Ashona, tsiku lina ndikudikira kuti andimatire ketulo. Ine ndayenda kwambiri, ndipo paliponse pamene ndakhala pansi ndimanyamukapo ndi nkhani ya munthu wina. Iyi ndi ya mnansi wawo, a Alufandika, amene anatisiya kale.

Chinali chaka cha 1974, nkhondo yomenyera ufulu itayamba kale kumpoto kwa dziko lino. A Alufandika anali mtchona wa ku Ntcheu, ankagwira ntchito pa fakitale ya makatoni ku Southerton. Chingerezi ankachidziwa ndithu, nchifukwa chake anthu a ku yunivesite atabwera ndi kafukufuku wawo anasankha iwowo kuti aziwatanthauzira Loweruka ndi Lamlungu. Ankafuna kulemba buku la momwe ife ochokera ku Malawi tinkakhalira m'malokeshoni: timagona angati m'nyumba, timadya chiyani, amayi abereka kangati, akudwala matenda anji. Mkulu wawo anali dokotala wachizungu, wamtali, amene amayi a m'lokeshoni anamutcha a Mabotolo, poti mayi aliyense wolembedwa ankapatsidwa kabotolo koti aikemo mkodzo, akauyeze ngati muli likodzo. Dokotalayo anali pa changu. Kalata yomuitanira ku usilikali ikanatha kufika tsiku lililonse.

Nyumba sankasankha ndi maso. Ankawerenga zinayi, yachisanu nkulowa. Tsono yachisanu ina inali ya a Alufandika eni ake.

"Dokotala, iyi ndi yanga, tiidumphe," anatero iwo.

"Ikagwera yagwera," anayankha dokotala. "Amayi alimo angati?"

Analimo awiri: akazi awo a Esinati, ndi apongozi awo a Tionenji, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza pa uchembere nkukhalitsa zaka zitatu. Inu amene munabadwira kuno mwina simudziwa. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi amaopana. Sayang'anana, sadyera pamodzi, akakumana panjira wina amapatuka. M'kanyumba ka zipinda ziwiri zimenezi zinali zovuta, koma ankakwanitsa. A Alufandika ankatsokomola ali pa geti, apongozi nkutulukira khomo lakuseri. Mawu onse ankadzera mwa a Esinati.

Tsono taganizani mafunso a papepala lija. Mimba mwatengapo zingati? Munasiya liti kupita kumwezi? Kenako kabotolo.

A Alufandika anakapereka kwa akazi awo. "Mukawapatse amayi aka."

A Esinati anaseka mpaka kugwira khoma. "Ine ndikawauze amayi anga kuti mkamwini wanu akufuna mkodzo wanu? Ndiye mukaunyamula m'thumba la jekete mpaka kwa mzungu? Bambo, langa nali, ndadzaza. La amayilo pitani nokha, si ndinu ophunzira?"

"Musachite zachibwana, ndi za boma izi."

"Boma lilibe apongozi."

Mabotolo ankafunika Lolemba m'mawa. A Alufandika anaganiza Lamlungu lonse. Kubweza botolo lopanda kanthu kunali kuuza dokotala kuti munthu wolephera m'nyumba mwake sangathe m'nyumba za eni. Ndipo ntchitoyo ankaikonda, musaiwale. Ankayenda ndi tayi ndi cholembera, Ashona amene kale ankawanena kuti mabhurandaya, dzina lonyoza ife ochokera ku Malawi, ankawavulira chipewa. Mapeto ake analowa m'chimbudzi nadzaza okha botolo lija, nalembapo dzina la apongozi awo. Mafunso anayankha a m'mutu: zaka 58, mimba zisanu ndi ziwiri.

Chimene sanachiganizire ndi ichi. Kuyambira ali mwana, posambira m'madambo a kwawo, mkodzo wawo unkathera ndi kadontho kofiira. Anzawo onse anali choncho, ndipo ankati ndi umuna chabe.

Patapita masabata awiri, Loweruka masana, galimoto ya ku yunivesite inaima pa geti. Munali dokotala ndi namwino wachishona atanyamula kabokosi ka jakisoni. Anthu anadzaza kumpanda monga mwa masiku onse, a Yosiya ali pomwepo ndi nyundo yawo m'manja. A Tionenji anakhala pamkeka pakhonde, mwana wawo pambali. A Alufandika anaima atawafulatira, nkhope italoza kumsewu.

Dokotala anali wokondwa ngati watola kanthu. "Auzeni kuti mumkodzo wawo tapezamo mazira a likodzo ochuluka zedi. Kwa mayi wamkulu chonchi sindinaonepo. Koma asadandaule, tabwera ndi mankhwala. Jakisoni mmodzi basi, ngakhale ndi wamphamvu, ena amawasanzitsa."

A Alufandika anatanthauzira mawu onsewo, akuyang'ana mtengo wa magetsi.

 Kenako mayi aja anayankhula ndi mwana wawo, motsitsa mawu koma momveka mpaka kumpanda.

"Esinati, ine ndinapereka botolo kwa munthu?"

A Esinati anaweramitsa mutu, chifukwa anali atazindikira kale.

"Esinati, tawafunsa eni nyumba ano. Mankhwala abwerawa ndi anga?"

Apa a Yosiya anasiya kukhoma ketulo yanga, nkundiuza kuti ngakhale iwo amene sankadziwa kanthu anaona thukuta likutsika m'khosi mwa a Alufandika mpaka kunyowetsa kolala. Mawu ofunika anali ochepa: ayi, ndi anga. Koma akanawanena pamaso pa dokotala, pa namwino, pa anthu a mzere wonse, ndiponso m'makutu mwa apongozi awo.

"Akuti chiyani?" anafunsa dokotala, akuyang'ana wotchi.

"Akufunsa ngati jakisoniyo ndi wowawa," anatero a Alufandika m'Chingerezi. Kenako m'Chichewa, kwa akazi awo: "Muwauze kuti dzina lili papepalali ndi lawo."

"Dzina ndi langadi," anatero a Tionenji. Anadzuka pang'onopang'ono, nakonza chitenje chawo. "Tiyeni m'nyumba, anamwino. Abwera kutali anthuwa, tisawachedwetse."

Namwino potuluka anaseka nati kwa a Alufandika, mkamwini ndi apongozi akuwatchula m'Chishona, "Mukuwasha, ambuya anu ndi olimba, sanaphethire nkomwe."

A Tionenji anasanza masiku asanu ndi limodzi. Maso anachita chikasu, phala silinkakhala m'mimba, ndipo panali tsiku lina limene a Esinati anaitana amayi a mvano kuti adzapemphere. A Alufandika ankamva zonse kuseri kwa khoma lopyapyala lija. Ankapita ku ntchito, nkubwera, nkutsokomola pa geti ngakhale panalibe woti athawire kuseri. Akazi awo ankawaikira chakudya patebulo nkuchokapo. Kamodzi kokha anati, "Mwadya bwino, a dokotala?"

Mayi aja anachira, koma thupi silinabwerere. Mwezi wotsatira anapempha kubwerera kumudzi, nakwera sitima yodzera ku Beira. Nkhani ya botolo sanaitchule kwa wina aliyense. Pa siteshoni anangouza mwana wawo kuti, "Uwauze eni nyumba akaonane ndi achipatala." A Alufandika anapitadi, koma kuchipatala china cha kutali, kumene sankadziwika.

Buku linatuluka patapita zaka ziwiri, lochindikala, la chikuto chobiriwira, ndipo anawatumizira limodzi. Dzina lawo linalimo pakati pa othokozedwa. Mkati, pa tsamba lina, munali ndime yonena za mayi wa zaka 58, wa mimba zisanu ndi ziwiri, amene anapezeka ndi likodzo lalikulu ngakhale anali atakhala m'tauni zaka zitatu. Olemba ankati nkhani ya mayiyo ikufunika kufufuzidwa bwino. Ndime imeneyo ndi imene a Alufandika anawerengera a Yosiya atakalamba, nkuwaululira zonse. Akuti anawonjezera kuti mimba zenizeni zinali khumi ndi imodzi, ana anayi anamwalira ali aang'ono, ndipo zimenezi anazimva pa maliro a mayiwo.

Anayesapo kamodzi kukakonza. Anavala tayi, nakwera basi mpaka ku yunivesite, buku lili m'khwapa. Kalaliki wa pa ofesi anawauza kuti dokotala uja anachoka m'dziko muno kalekale, nawafunsa kuti vuto ndi chiyani, alembe. Kalalikiyo anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo. Iwo anati angodutsa kudzapereka moni, nabwerera.

A Yosiya akuti mnzawoyo mpaka imfa yake ankanena kuti chinamutseka pakamwa ndi mwambo, kuti mkamwini sangatchule zotere apongozi akumva. Za botolo ndi za jakisoni ndikuzikhulupirira, poti a Yosiya analipo. Koma za mwambozo ine ndikukayika. Dokotala ankamva Chingerezi, apongozi sankachimva, ndipo m'Chingerezi momwemo a Alufandika anatha kunama. Ndiganiza kuti ankaopa kuchotsedwa ntchito anthu a kumpanda akuona.